Ada Mhone ndi Masitampa a M'bokosi la NyaChirwa

Pakhonde pa golosale ya mayi anga, pa Chintheche, pamakhala telala wina dzina lake Peterson Mhone. Anthu onse amangoti Ada Mhone, poti kuno kwa Atonga bambo amati ada, mayi amati ama. Tinawapeza ali pomwepo pamene bambo anga anawatumiza kuno kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya zaumoyo, ndipo mayi atachita lendi sitoloyo, mwini nyumba ananeneratu kuti khondelo lili kale ndi mwini wake. Chimalizireni Fomu 4 ine ndimakhala m'golosalemo, kuseri kwa mawaya a pawindo, kugulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Sindine wolankhulalankhula, ndiye anthu akakhala pakhondepo amaiwala kuti ndilipo.

Ada Mhone ndi nkhalamba yaitali, yowonda, yovala tayi ngakhale kutenthe chotani mu Okutobala. Mwendo wawo wamanzere unapuwala ali mwana. Makina amapalasa ndi wamanja wokha, winawo ataupinda pansi pa benchi. Zovala zatsopano sasokanso kawirikawiri poti kaunjika anawalanda ntchitoyo. Chimene chimawadyetsa ndi zigamba: mabuluku a asodzi ong'ambika m'maondo, mayunifomu a ana asukulu, zikwama za anyamata operekeza alendo ku Kande. Chigamba chawo sichichita manyazi. Amachiika poonekera, n'kuchizunguliza ulusi kawiri, ndipo ukadandaula kuti nsalu yasiyana mtundu amakufunsa kuti, "Wabwera kudzabisa umphawi kapena kudzatseka bowo?"

Koma chimene amadziwika nacho kuyambira ku Bandawe mpaka ku Kande si zigamba ayi. Ndi masitampa. Pansi pa makina awo pamakhala chitini chachikulu cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo muli mabokosi a machesi, bokosi lililonse dziko lakelake. Sanalembepo dzina pa bokosi ndi limodzi lomwe. Amalidziwa ndi malo ake, pakuti anawayala monga mmene maikowo anakhalira: Joni kumunsi, Tanzania kumtunda, maiko a azungu m'mphepete mmene sakuwasokoneza.

Anayamba ali mwana. Nthawi imeneyo, amatero iwowo, m'mudzi mwawo munali akazi, ana ndi nkhalamba basi. Amuna onse amphamvu anali kunja: ku Joni, ku Halale, ku migodi ya ku Kitwe, ena mpaka ku Dar es Salaam. Anzawo akamathawa sukulu kukapalasa mabwato, iwo mwendo unkawasiya m'kalasi, choncho anadziwa kuwerenga msanga. Amayi a m'mudzimo ankawaitana kuti awawerengere makalata a amuna awo. Akamaliza, mwini kalata ankasunga kalata yake, iwo n'kupempha ngodya ya envulopu. Atakula anapita nawonso kukaima pamzere kwa anthu amene ankalemba amuna opita ku migodi. Wolembayo anangoyang'ana mwendowo n'kuitana wotsatira.

Sanayesenso. Anaphunzira makina, anakwatira Ama Olive amene anamwalira ife tisanabwere, analera ana, ndipo anawo ndi amene anapita kunja. Iwo kummwera sanapitirirepo Dwangwa, kumpoto analekeza pa Mzuzu. Asodzi amawaseka nazo, makamaka Noel, mnyamata wapakamwa amene anakhalako ku Joni.

"Ada Mhone, pasipoti ija yatuluka?"

"Iwe Noel, unakatsuka magalimoto ku Joni mpaka manja kuyera. Tandiuza, pa sitampa ya kumeneko pamalembedwa chiyani?"

"Ife tinkangotumiza uthenga pafoni, ada."

"Ndiye sunapite kulikonse. Unangosowa pakhomo."

Mmene amagwirira ntchito yawo ya masitampa ndinaona bwino tsiku limene Vanessa, wogwira ntchito pa loji ina ku Makuzi, anabwera ndi kajumbo ka masitampa akale kamene mlendo wina anamusiyira. Ada Mhone anayala nsalu yoyera pamakina, n'kukhuthulirapo, n'kuyamba kuwasuntha ndi kumutu kwa singano. Sayamba ndi chithunzi. Amati chithunzi chimanama, chifukwa njovu imapezeka ngakhale pa masitampa a maiko amene njovu sinapondeko. Amayamba ndi dzina, ngakhale kuti dzinalo si nthawi zonse limene tinaphunzira kusukulu.

"Helvetia uyu ndi Switzerland. Suomi ndi Finland. Magyar ndi Hungary. Ndi maina a kunyumba amenewa. Iwenso Vanessa, agogo ako sakuitana kuti Vanessa."

Dzina likasowa amayang'ana ndalama, kaya ndi mapeni, masenti kapena zina. Ndalama zikapanda kuwathandiza amayang'ana kaumbidwe ka zilembo. Vanessa anatola ina yokhala ndi mutu wa mfumukazi wokha, yopanda dzina lililonse, n'kuikweza m'mwamba.

"Iyi yokha yakugonjetsani, ada."

"Imeneyo ndiyo yosavuta kuposa onse. Ndi ya ku Mangalande. Masitampa anayambitsa ndi iwowo, ndiye salemba dzina. Mwini nyumba sadzitchula dzina akamalowa m'nyumba mwake."

Chinthu chimodzi chokha amakana, ndicho kuweruza sitampa pa chithunzi cha pafoni. Amati sitampa ndi nsalu n'chimodzimodzi, maso amangouza theka, theka linalo limauza chala.

Nkhani ya Ama Hannah inabwera chaka chatha m'chilimwe, nyengo imene mabanja kuno amamanga ziliza pa manda a abale awo. Ama Hannah NyaManda ndi mayi wamasiye wa ku Kande, mlimi wa chinangwa, wa Umanyano, gulu la amayi kutchalitchi. Bulauzi yawo yoyera ya Umanyano amawasokera ndi Ada Mhone. Koma tsiku limeneli sanabwere ndi nsalu. Anapereka moni wa Chitonga, anakhala pabenchi, n'kumayang'ana magalimoto mumsewu. Ada Mhone anapitiriza kupalasa makina, osawafulumizitsa.

Zimene anafotokoza pomalizira pake ndi izi. Bambo awo, a Zondiwe Manda, anachoka iwo ali khanda, m'zaka za Chitaganya, kupita kunja kukafuna ntchito. Anatumiza makalata kwa zaka zingapo, kenaka zii. Mayi awo, NyaChirwa, sankadziwa kuwerenga. Makalata ankawawerengera mphunzitsi wina amene anamwalira kalekale, ndipo makalatawo anadyedwa ndi chiswe Ama Hannah asanayambe n'komwe sukulu. Chimene chinatsala ndi masitampa, chifukwa NyaChirwa ankawamatula n'kuwamata ndi phala la chinangwa m'kati mwa chivundikiro cha bokosi lawo lachitsulo. Mpaka imfa yawo ankanena chinthu chimodzi: mwamuna wanga anali m'njira, ankabwera. Mlongo wake wa NyaChirwa, bambo amene analera Ama Hannah, ankanena china. Iye anamva kwa munthu wina wochokera ku Joni kuti a Zondiwe anawaona kumeneko ali ndi mkazi wa Chizulu, ndipo achona. Mudzi wonse unakhulupirira mlongoyo, pakuti ndi amene ankadyetsa banjalo. NyaChirwa anasanduka choseketsa, mpaka ana ankamuimba kuti mayi wodikira sitima. Mlongoyo asanamwalire anasiya mawu kwa mwana wake Mackson: dzina la munthu uja lisadzalembedwe pa manda a mlongo wanga.

Tsopano banja linali litasonkhanitsa njerwa ndi simenti kuti Loweruka la sabata imeneyo limange chiliza cha NyaChirwa. Womanga anali Mackson yemweyo, mmisiri wa nyumba, ndipo ndi iyenso amene anayenera kulemba ndi msomali simenti isanaume. Ama Hannah ankafuna kuti pansi pa dzina la mayi awo palembedwe kuti "mkazi wa Zondiwe Manda". A Zondiwe alibe manda kulikonse kumene banja likudziwa. Dzina lawo likapanda kulowa pa simenti imeneyo, silidzapezeka paliponse.

"Mackson akuti bokosi lomwelo ndi mboni yake," anatero Ama Hannah, akutulutsa foni m'kachikwama. "Mdzukulu wanga wajambula. Macksonyo akuti werengani kuyambira pamwamba: nsomba imodzi, kenaka mfumukazi, kenaka za ku Joni zokhazokha mpaka pansi. Akuti munthu anapita, anakafika ku Joni, n'kuthera komweko."

"Nsombayo akuti ndi ya kuti?"

"Sadziwa. Dzina linafufutika. Mdzukuluyo akuti ndi ya ku America poti pali chizindikiro cha dola."

"Ndiye a Zondiwe anayambira ku America popita ku Joni? Anali ndi ndege yawoyawo?"

Ama Hannah anaseka pang'ono, koyamba chifikireni. Ada Mhone analandira foniyo, anaiyang'ana ataitalikitsa ndi nkhope ngati chinthu chonunkha, n'kuibweza.

"Ama, ine sindiweruza galasi. Bweretsani bokosi. Mubwerenso ndi Mackson, alinyamule ndi iyeyo."

"Akana ameneyo. Mumamudziwa."

"Mukamuuze kuti Mhone akuti mmisiri wa ku Kande akuopa telala wa mwendo umodzi. Abwera."

Anabweradi, Loweruka lisanafike. Ndinamva njinga yamoto ikuima, ndipo nditasuzumira ndinaona bambo wojintcha, wa imvi, simenti itauma m'zikhadabo, akumasula bokosi lakuda pakaliyala. Ama Hannah anatsika minibasi pambuyo pake. Awiriwa ndi pachisuweni, ndiye ngakhale atakwiyirana pakamwa sipakhala chete.

"Bokosi lolemera ngati mwini wake," anatero Mackson akuliika pansi.

"Ukulephera bokosi, nanga chiliza udzachitha iwe?" anayankha Ama Hannah.

"Timuwoneni, Ada Mhone. Ndamva kuti ndikukuopani," anatero Mackson.

"Yewu, Ada Chirwa. Wabwera, ndiye sukuopa. Khala pansi."

Anthu anayamba kusonkhana monga amachitira pamsika. Ada Mhone anawabalalitsa ndi dzanja. "Si filimu iyi. Amene alibe manda m'nkhaniyi apite." Anapitadi, ngakhale Noel. Ine ndinatsala kuseri kwa mawaya, ndikuyeza shuga m'timapepala.

Ama Hannah anagwada n'kutsegula. Munatuluka fungo la nsalu zakale ndi dzimbiri. Chivundikirocho chinaima chilili, ndipo m'kati mwake munali mizere ya masitampa, yothithikana ngati mamba a nsomba. Kumunsi, pafupi ndi mahinjesi, kunali nyama: mbidzi, mkango, chipembere. Pakati panali mutu wa mfumukazi wobwerezabwereza, wofiira, wobiriwira. Pamwamba penipeni panali imodzi yokha, nsomba yamawangamawanga, yotuwa ndi ukalamba.

Ada Mhone anauza Mackson kuti akweze bokosilo pabenchi. Anatulutsa kagalasi kawo kokulitsira zinthu, kamene anakachotsa pa kamera yakufa, n'kuyamba.

"Za nyamazi n'zosavuta. South Africa, Suid-Afrika, ziyankhulo ziwiri dziko limodzi. Ndi Joni ameneyu, nthawi ya mapeni, asanayambe masenti." Anakweza galasi pang'ono. "Za mfumukazizi ndizo zaulesi. Rhodesia and Nyasaland. Maiko atatu ankagwiritsa ntchito sitampa imodzi. Ikhoza kuchokera ku Kitwe, ku Halale, ngakhale pa positi ofesi yathu ino. Apa dzina silithandiza. Tiyang'ane chidindo."

Anafotokoza kuti chidindo cha positi ofesi chimagwa theka pa sitampa, theka pa envulopu, ndiye munthu akamatula sitampa amatsala ndi chibenthu. Anayang'ana imodziimodzi, mphuno itatsala pang'ono kukhudza chitsulo. Zambiri zinali mizere yakuda chabe. Pa ziwiri za m'munsi anapeza zilembo zoyamba za Bulawayo. Pa ina ya mzere wapamwamba anapeza za Umtali.

"Umtali ndi Mutare ya lero. Ili m'malire ndi Mozambique."

"Nanga ya America ija?" anafunsa Mackson.

"Dola ya ku America imaima kutsogolo kwa nambala. Iyi yaima pakati pa manambala. Ankalemba choncho ndi Apwitikizi." Anakoka chitini chawo ndi phazi, anatsegula, dzanja n'kupita lokha pa kabokosi kena. Anatulutsa sitampa ina ya nsomba, yosiyana mtundu koma yofanana kapangidwe, n'kuiika pambali pa inzakeyo. Pa yawoyo dzina linali loonekera bwino. "Abale awa, mimba imodzi. Mozambique."

Mackson anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye mwandivomereza, ada. Bambo anga ankanena kuti sitima ya nthawi imeneyo inkachoka ku Blantyre, kudutsa kwa Apwitikizi, kulowa pa Mutare. Kenaka Bulawayo, kenaka Joni. Onani, kuyambira pamwamba kutsika, ndendende ulendo wopita. Msuweni, wamva wekha. Si ine ndanena."

Ama Hannah anakhala pansi pa simenti ya khonde, manja ali pamiyendo. Ndinasiya kuyeza shuga.

"Njanji imeneyo inkayenda mbali imodzi yokha?" anafunsa Ada Mhone.

"Ndiye tiuzeni zaka. Ya kale ndi iti?"

"Zaka sindikupatsa. Onsewa ankagulitsidwa nthawi imodzimodzi, ndipo chaka cha pachidindo chinatsala pa envulopu, chiswe chinadya. Pamenepo sindinama kuti ndikondweretse munthu."

"Basi, nkhani yatha."

"Iwe umamanga nyumba mothamanga chonchi? Dikira."

Anaika galasi pamakina. Anavula magalasi awo a maso n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenaka anatsinzina, n'kuika chala pamwamba pa chivundikiro, pa nsomba ija, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka ku mahinjesi. Anachikwezanso kuchokera pansi. Anachita zimenezi mbali ina, ndi mbali inanso. Nkhope yawo inali ngati mmene imakhalira akamafufuza msoko wobisika pa jekete la kaunjika.

"Ada Chirwa, ndipatse dzanja lako."

"La chiyani?"

"Sindikulodza. Bwera nalo."

Anagwira chala cha Mackson, chokhakhala ndi simenti, n'kuchiika pa nsomba. "Tsika. Pang'onopang'ono, si khoma limeneli." Chala chinatsika osakodwa paliponse. "Tsopano kwera." Chala chinakwera pang'ono n'kukodwa. Chinakweranso, n'kukodwanso. Mzere uliwonse chikhadabo chinkagunda m'mphepete mwa sitampa ya pamwamba pake. Ngakhale ine ndinkamva kaphokoso kake, tse, tse, tse.

Mackson anachotsa dzanja, n'kuliyang'ana, n'kulibwezanso yekha.

"Denga la malata umayambira kuti?" anafunsa Ada Mhone.

"M'munsi."

"Chifukwa chiyani?"

"Lapamwamba liyenera kugona pa lapansi." Mackson ananena izi pang'onopang'ono, maso ali pa chivundikiro. "Lomaliza limakhala kumtunda."

"Kwa inenso chigamba chomaliza ndi chimene chimagona pa zinzake. Sitampa ikamatidwa ndi phala n'kuuma, sungalowetsenso ina pansi pake. Mfumukazi yagona pa mbidzi. Nsomba yagona pa mfumukazi. Inu nonse munapita kusukulu, ndiye mwaliwerenga bokosili ngati Baibulo, kuyambira pamwamba. NyaChirwa sanawerengepo buku. Anagwada patsogolo pa bokosi lake monga anagwadira mwana wakeyu, n'kuyambira pamene dzanja linali pafupi. Kalata ikabwera, amakwera. Joni, Joni, Joni. Bulawayo. Mutare. Mozambique."

Mumsewu munadutsa lole ya matabwa, ndipo tinadikira kuti phokoso lake lithe.

"Ankaigwira imeneyo," anatero Ama Hannah. Mawu awo anali otsika. "Nthawi zonse akatsegula bokosi kutenga nsalu ya kutchalitchi, chala chinkayamba chapita pa nsombayo. Ine ndinkayesa amangoikonda poti ndi yokongola."

Ada Mhone anavalanso magalasi n'kuyang'anitsitsa. "Mphemvu imadya m'mphepete, mmene mwatulukira phala. Apa sipanadyedwe. Pasalala. Dzina la dzikoli linafufutidwa ndi chala."

Mackson anaimirira, anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. "Nanga mkazi wa Chizulu uja? Mukuti bambo anga ananama?"

"Za mkaziyo kafunse wina. Sitampa imanena kumene inagulidwa, basi. Sindikuti bambo ako ananama. Munthu akhoza kuonedwa ku Joni ndi mkazi chaka chino, chaka chamawa n'kukwera sitima. Sindikutinso ndikudziwa za mumtima mwa a Zondiwe, sindinalowemo. Chimene chinawapeza kwa Apwitikizi, kaya malungo, kaya ndende, kaya chiyani, sindichidziwa, ndipo palibe adzachidziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti makalata awo ankayandikira. Yomaliza inachokera pafupi kuposa onse, pa njanji yobwera kuno. Zimenezo ndikhoza kuzinena pamaso pa abusa, pamaso pa aliyense."

"Bambo anga anasiya mawu," anatero Mackson. Sananene mokalipa. Ananena ngati munthu wosenza thumba limene sakudziwa poliika. "Anakulera iwe, Hannah. Anakulipirira sukulu. Anavutika ndi banja la mwamuna mnzake. Ine ndiphwanye mawu awo?"

"Asibweni anandilera, sindikana, ndipo sindidzaiwala," anayankha Ama Hannah. Anali ataimirira tsopano. "Koma amayi anganso anasiya mawu. Anawanena moyo wawo wonse, inu mukuwaseka. Iwenso unkaimba nawo nyimbo ya sitima ija, ndikukumbuka, uli ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Tandiuza, msuweni, manda tikumangawa ndi a ndani?"

Mackson anawerama, anayendetsanso chala kuchokera pansi kukwera, mpaka chinafika pa nsomba. Kenaka anatseka bokosilo mosamala kuposa mmene analitsitsira, analinyamula, n'kukalimanga panjinga. Atakwera anatembenuka.

"Loweruka mubwere, Ada Mhone."

"Kudzaona chiyani?"

"Mubwere basi."

Ama Hannah anatsala pang'ono. Anafunsa ngati Ada Mhone angafune nsombayo, poti ankadziwa kuti amasunga zoterezi. Iwo anapukusa mutu. "Ndili nayo kale m'bale wake. Imeneyo isiyeni pamene NyaChirwa anaiika. Mukaimatula, bokosilo lasiya kulankhula."

Loweruka mayi anandituma ndi shuga ndi tiyi ku Kande, poti Ama Hannah ndi kasitomala wathu wakale. Ada Mhone anakwera kabaza, tayi ikuuluka paphewa. Kumanda kunali anthu ambiri, amayi a Umanyano atakhala mumthunzi wa mtengo wa mango, amuna akusakaniza simenti ndi mchenga. Palibe amene ankadziwa chimene Mackson anaganiza. Ama Hannah nawonso sankadziwa, chifukwa chichokereni pakhonde paja msuweni wawo sanawalankhule.

Dzuwa litakwera chiliza chinali chitaima. Mackson anapaka simenti yomaliza kumutu, anaisalaza, anadikira kuti igwire pang'ono. Kenaka anagwada pathabwa, anatulutsa msomali wautali m'thumba, n'kuyamba kulemba. Edith NyaChirwa. Chaka chobadwa, chaka chomwalira. Analemba bwino, zilembo zoongoka. Atafika pamenepo anaima, msomali uli m'mwamba. Pansi panatsala malo.

Mkulu wina wa kwa a Chirwa, mng'ono wa bambo ake a Mackson, anayandikira n'kunena chapansipansi, koma tonse tinamva. "Mackson, pathera pomwepo. Ukukumbuka mawu a bambo ako."

"Ndikukumbuka, ada," anayankha Mackson, osatembenuka. "Ndikakawapeza ndikawafotokozera ndekha."

Anatsitsa msomali n'kulemba mzere wina: mkazi wa Zondiwe Manda. Sanauchepetse. Zilembo zake zinali zofanana kukula ndi za pamwamba.

Amayi a Umanyano anayamba nyimbo. Ada Mhone, atatsamira ndodo yawo, anaweramira kwa ine n'kunong'ona kuti mmisiriyu dzanja lake ndi labwino, akanakhala telala akanadya. Ama Hannah sanaimbe nawo. Anapita kumutu kwa chiliza, anagwada, n'kuwerenga mzerewo ndi milomo yokha. Kenaka anatambasula dzanja n'kuika chala chachikulu pambali pa dzina la bambo awo. Simenti inali isanaume, ndipo atachotsa dzanja panatsala kadzenje kozungulira.

Mackson anatola chosalazira chake, anayang'ana kadzenjeko, anayang'ana msuweni wake.

"Waononga ntchito yanga, iwe mayi."

"Salaza ngati ukufuna."

Anachigwira kanthawi chosalaziracho, kenaka anachiponya mu ndowa ya madzi, n'kuyamba kusamba m'manja.